Telala, Patani ndi Nsomba za mu Kafue

Aliyense amene amaponya mbedza pa damu la Mindolo, kapena amene amagula ndiwo mumsika wa Chisokone ku Kitwe, amadziwa kuti nsomba zimene timangozitcha bream si za mtundu umodzi. Ilipo ya mawanga atatu akuda m'nthiti, imene akatswiri amaitcha *Oreochromis andersonii*. Ilipo ina ya mutu wobiriwirako ndi chipumi chotsetsereka, *Oreochromis macrochir*. Ziwirizi ndi eni mudzi mu mtsinje wa Kafue. Yachitatu ndi yobwera, *Oreochromis niloticus*, ya ku mtsinje wa Nile, imene imadziwika ndi mizere yopingasa kumchira. Alimi a nsomba anaikonda chifukwa imakula msanga, ndipo m'zaka za m'ma 1980 inali itafika m'madamu a ku Mazabuka. Kuchokera m'madamu inalowerera mu mtsinje.

Mlendoyu sanangokhala payekha. Mu 2014, Andrew Deines, Ian Bbole, Cyprian Katongo ndi anzawo anafalitsa kafukufuku wa DNA wosonyeza kuti nsomba ya ku Nile ikuswana ndi za mu Kafue. Ana obadwa motero amatenga kuno ndi uko: mawanga ozilala, mizere yosamveka, mutu wosadziwika mwini. Diso la msodzi wakale limayamba kukayika. Mlimi amene akugula mbewu ya nsomba sadziwa ngati akugula yeniyeni. Ndipo mitundu iwiri ya eni mudzi ija ili kale pa mndandanda wa bungwe la IUCN wa zamoyo zimene zili pa chiopsezo.

Pamene diso lalephera, pali njira ina yopenyera. Akatswiri a zamoyo anaphunzitsa kompyuta kuwerenga kaumbidwe ka thupi, ndiko kuti mzere wozungulira nsomba, tsamba, phiko kapena fupa, n'kuusandutsa manambala oti munthu angawayerekeze. Pa Chingerezi ntchitoyi imatchedwa geometric morphometrics. Dzinalo likumveka lolemera, koma nzeru yake telala aliyense wa pakhonde la sitolo amaidziwa.

Tepi ndi patani

Telala ali ndi njira ziwiri zodziwira thupi la munthu. Yoyamba ndi tepi. Amayeza chifuwa, chiuno, phewa mpaka dzanja, n'kulemba manambala m'kope. Manambalawa ndi oona, koma sanena zonse. Anthu awiri angafanane chifuwa ndi chiuno, pamene wina mapewa ake ndi ogwa ndipo mnzake ndi otukuka. Tepi imanena kutalika kwa pakati pa malo awiri, koma sinena kuti malowo akhala motani pakati pa anzawo.

Njira yachiwiri ndi patani, pepala limene telala amalidula motsata thupi. Pataniyo imasunga zonse pamodzi: kupindika kwa khosi, kuzama kwa m'khwapa, kugwa kwa phewa. Ukaika patani ya munthu wina pamwamba pa ya mnzake, kusiyana kumaonekera pomwepo, ngakhale pamalo pamene tepi sinafikepo.

Kwa zaka zambiri akatswiri a nsomba ankagwira ntchito ndi tepi yokha. Ankayeza kutalika kwa mutu, kuya kwa thupi, kukula kwa diso, n'kuwerenga mamba ndi minga ya zipsepse. Njirayi inathandiza kwambiri ndipo ikugwirabe ntchito. Koma nsomba yaikulu imapambana yaing'ono pa muyezo uliwonse, motero kukula kumaphimba kaumbidwe. Komanso ukamaliza kuyeza sungathe kujambulanso nsombayo kuchokera ku manambala ako.

Woyamba kuganiza mozama za patani ya zamoyo anali D'Arcy Thompson wa ku Scotland. M'buku lake la mu 1917, *On Growth and Form*, anajambula nsomba pa pepala la timabokosi, kenaka n'kusonyeza kuti ukakoka timabokosito mbali ina, kapena kutipinda, nsomba ya mtundu wina imasanduka ya mtundu winanso. Anachita zonsezi ndi dzanja. Masamu oti agwire ntchitoyi molondola, ndi makina oti awerengere, anadzabwera patapita zaka zoposa 60.

Madontho a choko

Telala asanadule nsalu amaika madontho a choko: nsonga ya phewa, pakhosi, m'khwapa, m'chiuno. Malo amenewa aliyense ali nawo, wamtali kaya wamfupi. Wofufuza nsomba amachita chimodzimodzi. Amaigoneka nsomba chammbali, mutu kuloza kumodzi nthawi zonse, n'kutambasula zipsepse ndi mapini. Pambali amaika rula. Akaijambula, amatsegula chithunzicho pa kompyuta n'kuika madontho pa malo amene nsomba iliyonse ili nawo: nsonga ya mlomo, pakati pa diso, poyambira chipsepse cha kumsana, pothera pake, pamwamba ndi pansi pa tsinde la mchira, poyambira chipsepse cha kumimba. Dontho lililonse kompyuta imalisunga ngati manambala awiri, lina losonyeza kumanja kapena kumanzere, lina kumwamba kapena pansi. Madontho 15 amapereka manambala 30, ndipo manambala amenewo ndiwo patani ya nsombayo.

Lamulo lalikulu pano ndi lakuti dontho likhale pa chiwalo chimodzimodzi pa nsomba zonse. Telala akaika choko cha phewa pa chigongono cha munthu mmodzi, malaya aonongeka. Wofufuza akasokoneza madontho, zotsatira zake zonse ndi zabodza, ngakhale kompyuta iwerengere mwaluso chotani.

Tsopano mapatani aja ayenera kusanjikizidwa. Telala amene akufuna kuyerekeza mapatani awiri amachita zinthu ziwiri mosaganizira n'komwe. Amawakokera pamalo amodzi, ndipo amawatembenuza kuti khosi liyang'ane kumene kuli khosi linzake. Kompyuta imachita ziwirizi n'kuwonjezera chachitatu chimene pepala silingalole: imakulitsa patani yaing'ono ndi kuchepetsa yaikulu mpaka zonse zifanane kukula. Imatembenuza iliyonse pang'onopang'ono mpaka madontho ofanana ayandikane kwambiri momwe kungathekere. Njirayi imatchedwa Procrustes. John Gower anaikonza mu 1975 kuti igwire pa mapatani ambiri nthawi imodzi, ndipo F. James Rohlf ndi Dennis Slice anaikhazikitsa pa zamoyo mu 1990.

Zikachoka zitatuzi, malo, kutembenuka ndi kukula, chotsala ndicho kaumbidwe kenikeni. Uwu ndiwo mtima wa ntchito yonseyi. Katswiri wa masamu David Kendall anafotokoza kaumbidwe motero, ndipo mu 1984 anasonyeza masamu oyezera kutalikirana kwa kaumbidwe kena ndi kanzake. Kuyambira pamenepo munthu angathe kunena ndi nambala kuti nsomba iyi yayandikira gulu ili kuposa gulu ilo.

Fred Bookstein anabweretsanso timabokosi ta Thompson, ulendo uno ndi masamu okwanira. Mu 1989 anafalitsa njira yotchedwa thin-plate spline, imene imajambula momwe pepala la timabokosi liyenera kupindikira kuti patani ina isanduke inzake. Wofufuza amaona ndi maso kuti apa mutu wafupika, apo msana watukuka, uko tsinde la mchira laonda. Manambala amabwereranso kukhala chithunzi, chinthu chimene tepi sinkatha.

Pamene palibe poika choko

Pali mbali za chovala zimene zilibe ngodya. Kupindika kwa khosi la diresi ndi mzere umodzi wosalala, ndipo telala sangaufotokoze ndi madontho awiri. Zamoyo zambiri zili choncho. Njere ya nyemba, dzira, tsamba la mango, chigoba cha nkhono: zonsezi zili ndi kaumbidwe koonekeratu, koma zilibe malo ambiri oti uloze n'kunena kuti apa ndi pomwe paja. Apa m'pamene pamafunika njira yowerenga mzere wonse wa m'mphepete.

Kompyuta imayamba ndi kusandutsa chithunzi kukhala chakuda ndi choyera, chinthucho chakuda, kumbuyo koyera. Kenaka imayenda m'mphepete mwake kadontho ndi kadontho, ikulemba kumene yalowera pa sitepe iliyonse mwa mbali 8 zotheka, mpaka itabwerera pamene inayambira. Kalembedwe aka anakayambitsa ndi Herbert Freeman mu 1961. Zotsatira zake ndi mndandanda wautali kwambiri, masitepe mazana kapena zikwi, wosatheka kuuyerekeza ndi unzake mwachindunji.

Chofupikitsa mndandandawu chinachokera kwa Joseph Fourier wa ku France, amene mu 1822 anafalitsa buku lofotokoza kayendedwe ka kutentha. Iye anasonyeza kuti mzere wokhotakhota umene umabwerezabwereza ungagawidwe kukhala mafunde osavuta ambiri ophatikizana, ena aakulu, ena aang'ono. Mzere wozungulira nyemba nawo umabwereza, pakuti ukauzungulira umafika pamene unayambira. Mu 1982 Frank Kuhl ndi Charles Giardina anasonyeza momwe nzeru ya Fourier ingagwirire pa mzere uliwonse wotsekeka, ngakhale wolowa mkati ndi kutuluka. Njira yawo imatchedwa elliptic Fourier analysis.

Taganizani za telala akupanga patani ya mkono wa jekete. Choyamba amadula pepala mwachisawawa, chinthu chobulungira motalika, chongosonyeza utali ndi ulifupi. Kachiwiri amachepetsa mbali imodzi kuti kuphewa kukhale kotakata, kudzanja kowonda. Kachitatu amakonza kupindika kwa pamwamba. Akamapitiriza, lumo limadya pang'ono kuposa poyamba, ndipo pena amamatiza kapepala pamene anadula mopitirira. Pomaliza amangosalaza tinthu ting'onoting'ono.

Kompyuta imatsata ndondomeko yomweyo. Gawo loyamba ndi chobulungira chimodzi chonga dzira, chogwira utali ndi ulifupi wa chinthucho. Gawo lachiwiri limawonjezera kapena kuchotsa pa choyambacho, lachitatu limakonza za awiriwo, mpaka mzere wopangidwawo utagona ndendende pa mzere weniweni. Gawo lililonse limalembedwa ndi manambala anayi okha. Magawo 20 ndi manambala 80, ndipo pa zinthu zambiri zosalala amenewa amakwana kujambulanso chinthucho moti diso silingasiyanitse. Magawo oyambirira amanyamula kaumbidwe kakakulu, otsirizira amanyamula timano ndi timakwinya. Wofufuza amasankha poimira, pakuti akapitirira amayamba kuyeza fumbi la pa chithunzi m'malo mwa chamoyo.

Ubwino wake waukulu ndi wakuti njirayi imayenda mbali zonse ziwiri. Mzere umasanduka manambala, ndipo manambala amasandukanso mzere. Ungatenge masamba 100, n'kupeza pakatikati pa manambala awo, kenaka n'kujambula tsamba limene likuimira onsewo.

Palinso njira yapakati. Pamene mzere uli ndi poyambira ndi pothera podziwika, monga msana wa nsomba kuchokera pamlomo kufika pa chipsepse, wofufuza amaika madontho otalikirana mofanana m'mzeremo, ndipo kompyuta imawalola kutsetsereka pang'ono motsata mzerewo kuti agwirizane bwino ndi a nsomba zina. Bookstein anafotokoza njirayi mu 1997. Chipumi chotsetsereka cha *macrochir* chija chimagwidwa bwino motere.

Kuchokera ku manambala ambiri kufika ku ochepa

Nsomba 200, iliyonse ndi manambala 30 kapena 80, ndi mulu woti munthu sangauwerenge. Koma telala amene wasoka kwa zaka zambiri amadziwa kuti anthu sasiyana m'njira zikwi. Ambiri amasiyana m'njira zochepa zimene zimayendera limodzi: wa mapewa otakata nthawi zambiri amakhalanso ndi chifuwa chachikulu ndi khosi lonenepa. N'chifukwa chake mapatani ochepa amaveka tauni yonse.

Masamu amene amapeza njira zikuluzikuluzi amatchedwa principal component analysis, ndipo maziko ake anawaika Karl Pearson mu 1901. Kompyuta imafufuza kusiyana kumene kuli kwakukulu kuposa konse, mwina thupi lakuya poyerekeza ndi lowonda. Kenaka imafufuza kwachiwiri, mwina mutu wautali poyerekeza ndi waufupi. Ikatero imaika nsomba iliyonse ngati kadontho pa pepala limodzi. Nsomba zofanana zimaunjikana, zosiyana zimatalikirana. Ngati mitundu iwiri ikusiyana kaumbidwe, pamaoneka magulu awiri, ndipo zosakanizika nthawi zambiri zimagwera pakati kapena kumwazikana.

Kumene zagwira ntchito

Nyanja ya Malawi ndi amodzi mwa malo amene njirazi zagwiritsidwa ntchito kwambiri pa dziko lonse. Muli mitundu mazanamazana ya nsomba za banja la chambo, mbuna ndi utaka, yambiri yosapezeka kwina kulikonse, ndipo kusiyana kwake kwakukulu kuli pa mutu ndi nsagwada. Mu 2003 Craig Albertson, Todd Streelman ndi Thomas Kocher anafalitsa kafukufuku wa mbuna ziwiri. Ina, *Labeotropheus fuelleborni*, ili ndi kamwa loyang'ana pansi lopalira ndere pa miyala. Inzake, *Metriaclima zebra*, ili ndi kamwa loloza kutsogolo. Anaziswanitsa, n'kuyeza mafupa a nsagwada a zidzukulu zake ndi madontho aja, kenaka n'kulumikiza kaumbidweko ndi zigawo za DNA. Umu ndi momwe patani inathandizira kuloza kumene kaumbidwe ka nsagwada kamachokera.

M'mutu mwa nsomba muli timiyala ting'onoting'ono timene timaithandiza kumva ndi kukhazikika m'madzi. Kaumbidwe kake kamasiyana malinga ndi mtundu wa nsomba, komanso ndi kakulidwe kake. Steven Campana ndi John Casselman mu 1993 anayeza timiyala ta nsomba ya cod ya m'nyanja ya Atlantic ndi njira ya Fourier, ndipo lero oyang'anira usodzi m'maiko ambiri amagwiritsa ntchito timiyalati posiyanitsa magulu a nsomba.

Mapiko a udzudzu nawo ndi patani yabwino, chifukwa ndi afulati ndipo mitsempha yake imakumana pa malo odziwika. Mu 1984 Rohlf ndi James Archie anayesa njira zingapo za Fourier pa mapiko a udzudzu, ndipo kuyambira nthawiyo mapiko a udzudzu, ntchentche za kashembe ndi njuchi akhala akuyezedwa motero. M'chigawo chimene malungo ndi nkhani ya m'nyumba iliyonse, ndipo ku Ndola kuli malo ofufuzira matenda, luso lotere si lachilendo kwa ife. Ofufuza mbewu nawo amayeza masamba, njere ndi mizu kuti asiyanitse mitundu.

Zimene patani singanene

Telala amadziwa kuti anthu awiri ovala patani imodzi sakhala pachibale chifukwa cha zimenezo. Nsomba zina za m'nyanja ya Malawi zimafanana modabwitsa ndi za m'nyanja ya Tanganyika, za milomo yokhuthala uku ndi uko, za thupi lalitali losaka zinzake uku ndi uko. Koma DNA inasonyeza kuti za ku Malawi ndi pachibale chapafupi zokhazokha, ndipo kufananako kunabwera chifukwa zimadya ndi kukhala mofanana.

Amadziwanso kuti munthu mmodzi yemweyo amasintha. Patani ya chaka cha njala si ya chaka cha zokolola, ya mwana si ya wamkulu. Nsomba ya m'damu yodyetsedwa gaga tsiku ndi tsiku imaumbika mosiyana ndi m'bale wake wa mu mtsinje wothamanga. Yaimuna imasiyana ndi yaikazi, ndipo yaikazi yofungatira mazira m'kamwa imatupa kukhosi. Nsomba youma kapena yopindika pojambula imanamiza makina. Kamera yopendekeka imasintha kaumbidwe, ndipo anthu awiri oika madontho pa chithunzi chimodzi saika pamodzimodzi ndendende. Wofufuza wosamala amajambula mofanana nthawi zonse, amabwereza kuika madontho kuti adziwe kukula kwa kuphonya kwake, ndipo amayerekeza nsomba za msinkhu wofanana.

Pa nkhani ya nsomba zosakanizika, chenjezo ndi lalikulu. Mwana wa *andersonii* ndi *niloticus* akaswananso ndi *andersonii*, ndipo zikapitirira mibadwo ingapo, zidzukulu zimaoneka ngati eni mudzi pomwe magazi a mlendo akadalimo. Pamenepo DNA yokha ndiyo inganene zoona. Ntchito ya patani ndi kusefa: kuyeza nsomba mazana motchipa, kupatula zokayikitsa, ndi kusunga ndalama za labotale kuti zipite pamene zikufunikadi. Ndipo kuti kusefako kukhale kodalirika, makina ayenera kuphunzira poyamba pa nsomba zimene mtundu wake unatsimikizidwa kale ndi DNA.

Ntchito imene tingaithe kuno

Chimene chimandikhudza kwambiri pa luso limeneli ndi kutchipa kwake. Zofunika ndi kamera kapena foni yojambula bwino, choimikapo kuti isagwedezeke, rula, mapini, ndi laputopu wamba. Mapulogalamu ake ndi aulere pa intaneti. Alipo tpsDig wa Rohlf woikira madontho, MorphoJ wa Christian Klingenberg amene anafalitsidwa mu 2011, SHAPE wa Hiroyoshi Iwata ndi Yasuo Ukai wa mu 2002, komanso geomorph ndi Momocs amene amagwira m'pulogalamu ya R. Chodula kwenikweni ndi kuleza mtima ndi kusamala, ndipo zimenezi sitiitanitsa kunja.

Kitwe ili ndi zonse zoyambira. Copperbelt University, imene inakhazikitsidwa mu 1987, imaphunzitsa za chilengedwe ndi za nsomba. Ku Mwekera kuli malo a boma ofufuzira za ulimi wa nsomba, kumene kuli ntchito yotukula mbewu ya *andersonii*. Kafue akuyenda m'mphepete mwa mzinda, ndipo madamu a migodi ndi a alimi ali ponseponse. Ntchito yotukula mbewu imayamba ndi kudziwa kuti makolo amene wasankha ndi enieni. Ku Malawi nako nkhawa ndi yomweyo, pakuti mu 2018 IUCN inaika mitundu itatu ya chambo, *karongae*, *squamipinnis* ndi *lidole*, m'gulu la zimene zatsala pang'ono kutheratu, ndipo mitundu itatuyi ndi yovuta kuisiyanitsa ikadali yaing'ono.

Chimene chikufunika ndi nkhokwe ya mapatani athuathu: zithunzi zojambulidwa mwa ndondomeko imodzi, za nsomba za damu lililonse ndi chigawo chilichonse cha mtsinje, zolembedwa malo ndi tsiku, ndi kachidutswa ka chipsepse kosungidwa mu spiriti kudikira tsiku la DNA. Wophunzira mmodzi angathe kuyamba ndi damu limodzi m'chaka chake chomaliza, wina n'kudzapitiriza ndi lina. Asodzi ndi amayi ogulitsa nsomba ayenera kukhala nawo pa ntchitoyi, chifukwa iwo ndiwo amagwira nsomba zambiri kuposa wofufuza aliyense, ndipo ndiwo amayamba kuona zikasintha. Mtundu wa nsomba ukasungunuka mwa unzake sutha kubwezedwanso, choncho kuyeza kuyenera kuyamba pamene eni mudzi akadapezeka oti tiwayeze.